Tsiku lomwe tinakhuza maliro a lole

Lachiwiri lapitali ine ndi mkazi wanga Naphiri tinakhuza maliro opanda mtembo. Tinalira ndithu, misozi yeniyeni, dzuwa likuswa mtengo, anthu a pa Boma akuonerera.

Ndati ndikuuzeni ndekha muno musanamve kwa ena, chifukwa nkhaniyi ikunenepa tsiku ndi tsiku. Dzulo ndaimva padepoti ikunena kuti mphunzitsi uja anakomoka mpaka anamuthira madzi. Bodza limenelo. Sindinakomoke ayi, ndinangokhala pansi mofulumira.

Amene mumawerenga tsamba lino sabata ndi sabata mukudziwa kuti miyezi inayi yapitayo anandisamutsa ku sukulu ya kumudzi, kwa Dambe, kudzaphunzitsa pa Boma pano pa Mchinji. Kalatayo itafika ndinaonetsa nkhope yachisoni pamaso pa apongozi, koma mumtima ndinkavina. Zaka 19 ndili pachikamwini, abale anga! Zaka 19 ndikupempha chilolezo chodulira mtengo womwe ndinadzala ndekha. Tsopano ndinali kupita kunyumba yomwe chitseko chake ndizitseka ine, popanda malume wa munthu kudzafunsa chifukwa chake.

Ndipo Boma la masiku ano si lija tinkaliona tili ana, pamene ansembe a ku Guilleme ankatitengera pagalimoto kudzaona mpira. Nthawi ija panali masitolo owerengeka, mbuzi zinkagona pakati pamsewu osawopa kanthu. Chiyambireni matipate tauni yafufuma. Minibasi zikuitanira Lilongwe uku, bodala uku. Kaunjika wayalidwa mpaka m'ngalande. Pakhonde lililonse pali lamya yolipiritsa, telala, kapena wometa. Osintha ndalama akudzikupiza ndi makwacha a ku Zambia ngati kwatentha kwambiri kwa iwo okha. Akabaza akuliza mabelu, chiwaya cha chipisi chikununkhira, ndipo malole aatali opita ku Mwami amangoima paliponse pomwe dalaivala wakumbukira kuti ali ndi njala.

Ine zonsezi zinandikomera. Sabata yoyamba ndinkayatsa ndi kuzimitsa getsi popanda chifukwa, kungoti ndione ngati likundimverabe.

Naphiri ndiye ayi.

Poyamba ndinkayesa chikumuwawa n'kugula nkhwani, ndiwo yomwe kwawo amapatsa ndi mbuzi zomwe. Ndinayesanso kuti mwina ndi phokoso la malole. Koma tsiku lina tikudya anandiuza chenicheni. Anati miyezi yonseyi palibe ndi mmodzi yemwe mwa anthu a nyumba zoyandikana nafe amene anabwera kudzatilonjera. Palibe anati odi, palibe anafunsa kuti kwanu n'kuti, palibe anabweretsa ngakhale kambale ka mtedza. Amangodutsa, kukweza dzanja, basi.

"Abambo a Chikondi," anatero, "kuno tikafa atiika ndani?"

Ndinaseka. Iye sanaseke.

Apa mpamene ndinazindikira chifukwa chake mtondo ndi munsi wake anazisiya kwa amayi ake tsiku losamuka lija. Anati mugalimoto mulibe malo, pamene munali malo okwanira mpando wanga wothyoka mwendo. Mayi amene mtondo wake uli kwina ndi mlendo, ngakhale atagona m'nyumbamo chaka chathunthu. Ndipo anamaliza kundiuza osapsatira kuti mvula yoyamba ikangogwa akupita kukadzala, ndipo ndisavutike kumuyembekeza.

Inu mwaiona mitambo mmene yayambira kusonkhana pamwamba pa mapiri masana aliwonse. Ine ndinkaiyang'ana ndili m'kalasi, choko chili m'manja, mantha ali mumtima. Ndinatsala ndi masabata ochepa kuti ndisankhe chimodzi: kukhala ndekha m'nyumba ya magetsi, kapena kupempha kubwerera kuchikamwini mutu uli pansi.

Ndiye linafika Lachiwiri.

Nditaweruka kusukulu ndinamutenga pa njinga kupita kumsika. Pobwerera, iye ali pakaliyala ndi jumbo ya matemba ndi tomato, tinangoti tikhote kulowera kwathu, maso anga anagwa pamsewu. Masamba. Nthambi zaziwisi zitayalidwa pa tala, zina uko, zina kuno, ndipo pakati pa zonsezo panali nyumba ya a Zulu, yachitatu kuchokera kwathu. A Zuluwo tinkangomva kuti amagwira ntchito yowombolera anthu katundu kubodala, ndipo mkazi wawo amagulitsa zitenje.

Mwana aliyense wa kumudzi amadziwa chomwe masamba pamsewu amanena. Pamudzipo pagwa zovuta. Wapanjinga amatsika, wachipewa amavula, wawailesi amazimitsa, ngakhale galimoto imayenda ngati ikupepesa. Sitinafunsane n'komwe. Mapazi anga anafika okha pansi, Naphiri anali atatsika kale.

Tinayang'ana pabwalo la a Zulu. Pansi pa mtengo wa mango panali abambo angapo atakhala mozungulira, mitu itawerama, ali chete. Chapatsogolo pang'ono panaima chilole chachikulu. Musandifunse kuti bwanji sindinachiganizire. Ndinachiganizira ndithu. Ndinanong'oneza Naphiri kuti anthu a m'tauni ndi olemera, taona galimoto yonyamula maliro yafika kale.

Naphiri anapukusa mutu. Anati ndione tsopano zomwe iye amanena zija, maliro agwa nyumba yachitatu kuchokera pathu koma palibe watuma uthenga. Ndiye anawongola khosi n'kunena kuti ngati iwo sadziwa mwambo, ife tikuudziwa, ndipo lero aona kuti kwa Dambe kumachokera anthu oleredwa.

Tinadzera njira yakuseri kukafika kunyumba. Iye anamanga duku, anavala chitenje chakale, n'kutapa ufa wodzaza beseni. Ine ndinavala jekete yanga yakuda ya kutchalitchi, ndinasenza mtolo wa nkhuni zomwe tinagula dzulo lake. Tinanyamuka, iye patsogolo, ine pambuyo, kuyenda kwake kwa pamaliro.

Ndikuuzeni kanthu za mkazi wangayu. Kwawo akayambitsa kulira, ngakhale mfiti yomwe yadya munthuyo imagwetsa misozi. Ali ndi mawu oti amakulowa m'mafupa. Titatsala mapazi makumi awiri kuti tifike, pomwe mwambo umati mayi ayambirepo, anatsegula kukhosi.

"Mayo ine! Mayo, mayi wanga ine!"

Zomwe sitinkadziwa n'zakuti Mayi Zulu anali m'nyumba mwawo akupinda zitenje, mtima uli m'malo. Amuna awo anali atanyamuka m'mawa pa njinga yamoto kupita kubodala, msewu womwe malole amathamanga ngati akuthawa moto. Ndiye taganizani inu. Muli m'nyumba, mukumva kulira kukubwera, musuzumira pawindo, muona mayi wa duku ndi beseni la ufa, bambo wa jekete yakuda ndi nkhuni, akulunjika pakhomo panu. Mungaganize chiyani?

Anatuluka ngati waponyedwa, n'kudzigwetsa pabwalo. "A Zulu anga ine! Ndinawauza za njinga ija!"

Apo ife tinatsimikiza. Kani amene watisiya ndi mwini nyumba! Naphiri anatula beseni, anawakumbatira mayiwo, onse awiri n'kumagubuduka m'fumbi. Amayi a nyumba zina anatulukira mbali zonse, ena ndi thovu la sopo m'manja, aliyense akuyamba kulira asanafunse. Ine ndinatula nkhuni, ndinakhala pa njerwa, ndipo ndisakunamizeni, misozi inatsika. Ndinaganiza za bambo wochoka m'mawa ali bwinobwino, ana akumuyembekeza. Ndinaganizanso za ine mwini, mlendo m'tauni ya eni.

Abambo a pansi pa mango aja anadzambatuka, nkhope zili zodabwa. Mpamene ndinaona chomwe chinaweramitsa mitu yawo. Inali bawo. Masewera anali atafika povuta, n'chifukwa chake kunali zii. Koma nkhaniyo inali itapita kale patali, moti nawonso anavula zipewa, wina n'kukankhira bawoyo kuseri kwa mtengo ndi phazi.

Kulira kuli pakati, kunamveka njinga yamoto. Mwini wake ataona masamba ndi khamu la anthu anazimitsa injini patali, anatsika, anavula chisoti, n'kumaikankha pang'onopang'ono monga munthu wodziwa ulemu. Munthu woyamba kumupeza ndinali ine. Ananjuta pambali panga, nandifunsa chapansipansi kuti watisiya ndani.

Ndinapukuta m'maso. "Ndi a Zulu, bambo. Eni nyumba ino."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"A Zulu ake ati?"

Awerengi okondedwa, miyezi inayi ndakhala nyumba yachitatu kuchokera kwa munthu ameneyu. Ndinkadziwa kulira kwa njinga yake, ndinkadziwa mtundu wa chisoti chake, koma nkhope yake sindinkaidziwa. Ndinamuuza munthu wamoyo za imfa yake, iye ali chinjutire pambali panga, akununkha petulo.

Mayi Zulu atakweza maso n'kuwaona amuna awo, anakuwa kuposa poyamba. Amayi awiri anathawa kulowera kuchigayo. Apa mpamene ndinati ndiimirire, koma ndinakhalanso pansi mofulumira, zomwe a padepoti akuzitcha kukomoka.

Phokoso lonselo linadzutsa munthu wina amene tonse sitinamuone. Kunsi kwa chilole chija kunatuluka miyendo, kenako mimba, kenako bambo wathunthu wakuda ndi oilo, sipanala ili m'manja. Anali dalaivala, wa ku Chipata. Anafunsa kuti wafa ndani. Mayi Zulu analoza Naphiri, nati iwo anamva kwa mayi awa. Naphiri analoza pamsewu, nati iye anamva kwa masamba.

Dalaivala anayang'ana masamba, anayang'ana ife, n'kugwira m'chiuno.

"Amai, masamba aya naika ndine. Motoka yanga yaonongeka kuchokera m'mawa. Nifuna anzanga asanigunde kumbuyo, ndiye chabe."

Ndiye a Zulu anayamba kuseka. Anaseka mpaka anagwira mtengo wa mango. Abambo a bawo anatsatira, amayi a thovu m'manja anatsatira, ndi Mayi Zulu omwe, misozi idakali m'masaya, akuwamenya amuna awo ndi mpango paphewa. Osaseka tinali awiri okha.

Naphiri anaimirira, anasasa fumbi, n'kunena kuti ufa wopita kumaliro subwerera kunyumba. Anaupereka kwa dalaivala uja pamodzi ndi nkhuni, poti munthuyo anali asanadye chichokereni m'mawa. Beseni analiiwala pomwepo. Tinabwerera kwathu osayang'ana m'mbuyo, kuseka kukutiperekeza mpaka pakhomo.

Atalowa m'nyumba sananene zambiri. Anatsitsa chikwama pamwamba pa kabati, anayamba kupindiramo zovala. Anati mvula saidikiranso, anyamuka mawa lomwe, chifukwa sangapitenso kumpopi m'dera lomwe aliyense akumudziwa ngati mayi wolira lole.

Mtima wanga unasweka. Ndinayesa kumuuza kuti anthu amaiwala, koma ndinkadziwa ndekha kuti nkhani ngati iyi adzaifotokozera ndi zidzukulu zomwe.

Tsono tiyeni tiime kaye apa, tifunsane. Analakwa ndani?

Dalaivala uja sanalakwe kwenikweni. Anachita zomwe anzake onse amachita. Malamulo amati galimoto ikafa pamsewu paikidwe zizindikiro zofiira zija za makona atatu, koma ndi angati ali nazo? Chapafupi n'kuthyola nthambi za mtengo wa eni, kuyala pa tala, n'kulowa kunsi kwa galimoto. Akaikonza amangoliza injini n'kumapita, masamba n'kutsala pomwepo mpaka aume. Kuchokera pa Boma kukafika kubodala mungapeze malo angapo otere pa tsiku limodzi.

Zotsatira zake tikuziona. Anthu a m'tauni anasiya kukhulupirira masamba. Mwezi watha ndinaona maliro enieni chakumunsi kwa msika, bokosi lili pabwalo, amayi akuimba. Wakabaza anadutsa pakati pa masambawo akuliza belu. Minibasi inadutsa nyimbo zili pamwamba, kondakitala akuitanira anthu pakhomo penipeni pa anamfedwa. Si kuti ndi anthu oipa. Anangozolowera kuti masamba ndi lole.

Ife a kumudzi timatsika pomwe palibe maliro. A m'tauni satsika pomwe pali maliro. Mwa awiriwa, wochititsa manyazi ndani? Funso limeneli ndinalibe mphamvu yolifunsa Lachiwiri madzulo, pamene chikwama chinali chitatsamira chitseko.

Lachitatu m'mawa, ndikumanga tayi kuti ndizipita kusukulu, Naphiri atavala kale za paulendo, panja panamveka mawu omwe takhala tikuwadikira miyezi inayi.

"Odi kuno!"

Anali Mayi Zulu ndi amayi ena atatu. Anabweretsa beseni lathu lija, koma silinabwere lopanda kanthu, munali mtedza wosasenda ndi nthochi pamwamba. Naphiri anafuna kubisala kuchipinda, koma nyumba za m'tauni n'zazing'ono, munthu sungasowe. Anayala mphasa pakhonde, nkhope ili pansi. Ine ndinachedwa dala ndi tayi kuseri kwa chitseko, makutu ali panja.

Atalonjerana, Mayi Zulu anaulula kuti iwo onse ankatiyesa onyada. Ankati akazi a aphunzitsi safuna kuyanjana ndi ogulitsa zitenje ndi mandasi. Chifukwa chake? Kuno, anatero, wobwera ndiye amayenda nyumba ndi nyumba kukadzionetsa, kuti ndine uje, ndachokera kwakuti, ndalowa nyumba iyo. Iwo anadikira sabata yoyamba, yachiwiri, mwezi, kenako anangoti asiyeni.

Naphiri anadabwa. Anati kwawo mlendo sayenda, amakhala pansi, eni mudzi ndiwo amabwera kudzamulonjera. Mayi wina wa ku Dedza anafunsa kuti nanga pa Boma pano mwini mudzi ndani, poti iye anabwera chaka chatha, Mayi Zulu anachokera ku Mzimba, winayo ku Nsanje, ndipo wachinayi anakulira ku Chipata. Onse anaseka, ndipo ndinamva Naphiri naye akuseka pang'ono, koyamba chichitikireni za lole zija.

Kenako Mayi Zulu anatsitsa mawu.

"Amake Chikondi, dzulo anthu aseka, inenso ndaseka. Koma nditakhala pansi ndinaganiza. Inu amuna anga simuwadziwa, ine simundidziwa, sitinakupatseni ngakhale moni weniweni. Koma munabwera ndi ufa wanu, munagwa nane m'fumbi. Tsiku lenileni likadzafika, ndikufuna mudzakhale pambali panga."

Ine kuseri kwa chitseko ndinasiya kumanga tayi.

Naphiri anafunsa funso lake lija, lomwe ine ndinaliseka. Anafunsa kuti kodi kuno munthu akafa, kwawo kuli kutali, zimatha bwanji. Anamufotokozera kuti amayi a m'derali ali ndi gulu lawo. Amakumana Lachinayi lililonse, amazonda odwala kuchipatala, pakagwa zovuta amaphika, amagona pasiwa, amaimba, ndipo ngati mtembo ukupita kumudzi ena amauperekeza mpaka kumanda. Anati chomwe chimawasowa ndi munthu woyambitsa nyimbo, chifukwa amene analipo anasamukira ku Kasungu, ndipo mawu omwe anawamva dzulo sangawalole kuti abwerere kwa Dambe.

"Ndiye musade nkhawa," anatero mayi wa ku Dedza uja. "Mukafa tidzakuikani bwinobwino, ndi nyimbo zomwe."

Chibadwire sindinaone munthu akukondwa chotero atalonjezedwa kuikidwa m'manda. Nkhope ya mkazi wanga inawala ngati amuuza kuti wapambana njinga pa mpikisano.

Ndinafika mochedwa kusukulu tsiku limenelo, ndipo ana a Sitandade 7 anandilandira ndi nkhope zoyesa kubisa kuseka. Wina anali atayala timasamba pakhomo la kalasi. Sindinalange aliyense. Ndinavula chipewa, ndinadutsa mwaulemu, kalasi yonse n'kugwa ndi phwete.

Pobwerera ndinapeza chikwama chabwerera pamwamba pa kabati. Sindinafunse kanthu. Zaka 19 za banja zinandiphunzitsa nthawi yotseka pakamwa.

Chomwe chakhala chikundizungulira m'mutu n'chakuti tauni yathuyi ikukula ndi anthu odikirana. Aliyense anabwera ndi mwambo wa kwawo m'chikwama, ndipo aliyense akuyesa kuti mnzakeyo ndiye ayambe. Nyumba zikuphuka ngati bowa kuseri kwa msika, kunjanji, njira ya kuchipatala, koma anthu ake akudziwana ndi kulira kwa njinga ndi mtundu wa chisoti. Ife zinatengera lole yakufa kuti tidziwe nkhope ya munthu wa nyumba yachitatu. Inu amene muli ndi mnzanu woyandikana naye amene simudziwa dzina lake, mukudikira lole yanji?

Lachinayi Naphiri anapita ku gulu lija, anabwerako mawu atasasa. Lachisanu madzulo, akusenda mtedza wa Mayi Zulu, anandiuza osandiyang'ana kuti mvula ikagwa apita ndithu kukadzala, koma masabata awiri okha, chifukwa gulu silingakhale nthawi yaitali lopanda woyambitsa nyimbo. Kenako anawonjezera, ngati nkhani yaing'ono, kuti nsinjiro za pachigayo sizikoma, ndiye mawa ndipite kwa amayi ake ndikatenge mtondo ndi munsi.

Ndinapita Loweruka pa matola. Apongozi anandipatsa mtondowo akundiyang'ana ngati ndaba mbuzi, koma anandipatsa. Ndinaukumbatira njira yonse kumbuyo kwa galimoto, fumbi lili m'maso, munsi uli pakati pa miyendo, anthu akundifunsa ngati ndikukakwatira kachiwiri.

Titayandikira pa Kamwendo ndinaona masamba pamsewu. Dalaivala wathu sanachepetse liwiro, anangowaponda n'kudutsa. Mnyamata wovala buluku la jinzi amene anakhala pambali panga anati ndi lole imeneyo, madala, musavutike.

Mwina inalidi lole. Sindinaone bwino, fumbi linachuluka. Koma ndinagwira mtondo ndi dzanja limodzi, linalo ndinavula chipewa.